Bango la Pokhota Mtsinje

Lolemba, 28 Okutobala

Ine ndine Fanizo Ngozo wa kuseri kwa Nsipe, ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi. Ndagona pa bedi nambala 7 mu wodi ya amuna, chipatala cha pa boma. Lero ndi tsiku langa lachinayi muno.

Kusukulu sindidapondeko. Zilembozi adandiphunzitsa ndi mnzanga wina wa ku Kandeu tili ku komponi ku Joni, pa mapepala a matumba a simenti, ndiye zikamapendekeka wowerenga asaseke. Ndikulemba chagada, pang'onopang'ono, kuti tsiku lizitha.

Chathyoka ndi fupa la ntchafu ya kumanja. Adajambula ekisileyi Lachisanu. A dokotala a mafupa adandiboola pansi pa bondo n'kulowetsa chitsulo chopingasa, adamangapo chingwe, chingwecho chadutsa pa kawilo kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kwalendewera thumba la mchenga la makilo asanu. Akuti masabata asanu ndi limodzi osadzuka. Mankhwala: panado awiri katatu pa tsiku, ndi kambewu kamodzi ka bipi m'mawa.

Wondidikirira ndi mlongo wanga Aida, Nangozo. Amandisambitsa, amanditayira zonse, sadandaula. Koma Aida ndi mayi wake wa Maynard, ndipo Maynard ndi amene wandigoneka pano. Ndiye ine ndi mlongo wanga tikayang'anana timangokamba za kutentha kwa dzuwa.

Lachitatu, 30 Okutobala

Bipi 160 pa 90. Anamwino a Esnath apukuta pa chitsulo ndi sipiriti, ndachita kuluma bulangeti.

Pa bedi nambala 8 pali a Obed a ku Tsangano, mlimi wa mbatatesi, zaka mwina makumi asanu. Adagwa pa njinga yamoto ndi matumba atatu, nawonso mwendo uli pa chingwe. Pakamwa pawo sipatsekeka. Akuti ife awiri tili ngati mbuzi za pa msika, kutimanga mwendo umodzi kudikira wogula.

"Nanga inu madala, mudagwa mumtengo wa mango? Kapena mumathawa mwini mkazi?"

Ndati, "Ndidagwa pa khomo la malo anga omwe."

Akuti ndifotokoze. Ndati nkhani yake njaitali, iyambira ku Joni. Akuti, "Kodi muno alipo amene akuthamangira basi?"

Loweruka, 2 Novembala

Lero mwendo wandipatsa mpata, ndiye ndilembe zomwe ndawauza a Obed.

Ndidapita ku Joni ndili mnyamata. Pansi pa mgodi ndidakhalako zaka zinayi, chifuwa chitayamba kuvuta ndidatuluka n'kupeza ntchito ya m'paki mumzinda. Paki yake idali m'mbali mwa mtsinje. Njira idatsata madzi mtunda wautali, kukhota pomwe madzi akhota. Mitengo ija yogwetsa nthambi ngati tsitsi mpaka kukhudza madzi, abakha, timilatho tamatabwa, mabenchi obiriwira pamthunzi paliponse. Loweruka azungu ankabwera ndi agalu awo ndi ana m'tingolo, osapita kulikonse, kungoyenda basi. Ine ndinkadabwa. Munthu kuyenda wopanda katundu pamutu, wopanda maliro kutsogolo!

Zaka zisanu ndi chimodzi ndidasesa njira imeneyo. Ndinkadziwa muzu uliwonse. Koma kuyendamo wopanda tsache kapena wilibala kunali koletsedwa, ndipo pa benchi padalembedwa kuti si pa ife. Tsiku lina msana utandiwawa ndidakhalapo pang'ono, kapitawo n'kundipeza. Sadandimenye. Adangotulutsa nsalu m'thumba n'kupukuta pomwe ndidakhalapo, ine ndikuona.

Tsiku limenelo ndidalumbira mumtima kuti kwathu kulinso mtsinje.

Chinthu chimodzi ndidaphunzira kwa kapitawo yemweyo, poti ngakhale munthu woipa amadziwa ntchito. Kwina konse tinkameta udzu mbee, koma pokhota mtsinje sankalola kuti bango ligwidwe ndi chikwanje.

Lachiwiri, 5 Novembala

Thupi moto. Ayeza malungo, palibe. Akuti pa chitsulo pali timafinya. Jakisoni m'mawa ndi madzulo, masiku asanu. Phala ndamwa masipuni atatu.

Maynard sanabwerebe. Tsiku lakhumi ndi chiwiri.

Lachisanu, 8 Novembala

Kutentha kwatsika. Aida wabwera ndi mango a kwathu ndi thobwa m'botolo. Tagawana ndi a Obed, iwo abweza ndi mbatatesi zokazinga zomwe akazi awo adabweretsa.

Ndipitirize. Nditabwerako ku Joni, ine ndi mkazi wanga Lufina tidayamba kulambula kanjira m'mbali mwa mtsinje wathu, kuyambira pa mlatho mpaka pa timathithi. Anthu ankati ku Joni kwandizunguza mutu, dimba labwinobwino kubzalamo mthunzi! Tidabzala mbawa, nsungwi, mango. Mabenchi ndidakhoma ndekha ndi matabwa a bulugamu. Pokhota mtsinje Lufina adazika nthambi ya mkuyu chaka chomwe adabadwa mwana wathu Christobel, ndipo mkuyuwo udakula mpaka anthu atatu kulephera kuukumbatira. Pansi pake padali mwala wosalala, pomwe ankakhala akamasenda nandolo. Zaka pafupifupi makumi asanu aliyense ankayendamo: ana a sukulu, amayi ochokera kochapa, a chibwenzi, ndi oledzera omwe. Palibe amene ndidamufunsa dzina.

Lufina adatisiya zaka zitatu zapitazo. Chaka chatha Maynard adabwera ndi foni, kundionetsa zithunzi za mapaki a m'mizinda zomwe Christobel adatumiza kuchokera ku Joni komwe akugwira ntchito. "Amalume, malo anuwa ndi chuma. Apaulendo a pa msewu waukulu aziima pano, a ukwati azijambulitsa pano." Malowo ndi a mbumba yathu, iye ndi mwana wa mlongo wanga, ndikadakana bwanji? Ndidati kongoletsani. Za mpanda sadanene. Za geti sadanene.

Geti adaliika mu Seputembala. Poyamba ndinkangolowa. Lachisanu lija ndidapeza mlonda watsopano wochokera kwina. "Tikiti, agogo." Ndidaseka. Maynard adali pomwepo ndi alendo a galimoto ziwiri, ovala magalasi akuda. Ndidati, "Maynard, tamuuza mnzakoyu kuti ndine yani." Adandiyang'ana kuyambira ku nkhwayira zanga za matayala mpaka ku chipewa. "Amalume, lero kuli alendo. Mubwere Lolemba, mutasinthako zovala."

Alendo aja adayang'ana kumbali. Ine ndidaona nsalu ya kapitawo ija.

Ndidazungulira kumunsi kuti ndilowere pa miyala ya mumtsinje. Mwala wachitatu udali ndi ndere. Basi.

A Obed sanaseke lero.

Lachiwiri, 12 Novembala

Maynard wabwera, tsiku lakhumi ndi chisanu n'chinayi. Malaya oyera, fungo la perefyumu, m'manja sobo ndi buledi. Sanagwade, sanakhale n'komwe. Waima kumiyendo kwa bedi n'kumaseweretsa chingwe cha mwendo wanga mpaka a Esnath amukalipira.

"Amalume, mwadzuka bwanji? Komatu inunso, pa msinkhu wanuwu kumalumpha miyala?"

Pepani wake ndi ameneyo.

Kenako watulutsa foni. "Taonani zomwe tachita pokhota paja. Tchire lonse lija tachotsa, alendo amadandaula kuti madzi sakuoneka."

Ndayang'anitsitsa. Bango lonse azula, ndi mizu yomwe. Nsenjere atentha. Gombe lili mbee ngati mutu wometa. Pamwamba ayala timiyala ta simenti mpaka m'mphepete mwenimweni, aikapo mabenchi achitsulo opaka penti yoyera ndi kanyumba kaudzu kojambulirapo zithunzi. Mkuyu wa Lufina uli pakati, auzunguliza timagetsi.

"Pa 30 pali ukwati woyamba, a ku Lilongwe. Mukuona bwanji, amalume?"

Aida amandiyang'ana. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva ndithu akukwera. Ndawameza.

Ndati, "Pakongola."

Wasangalala. Wandisisita phewa, wapita. Sobo ndapatsa a Obed.

Lachitatu, 13 Novembala

Ndilembe bwinobwino, kuti zikadzachitika pasadzakhale wonena kuti ndi tsoka kapena ufiti.

Mtsinje wathu umachokera kumapiri a cha ku Tsangano. Ukadzaza, madzi onse amamenya pokhota paja ngati chibakera. Chogwira gombe si mwala, si simenti. Ndi bango. Madzi akabwera limagona, madzi n'kudutsa pamsana pake, mizu ili gwa pansi, yolukana ngati ukonde. Chaka chilichonse mu Okutobala ine ndinkakhoma zikhomo za nsungwi pamenepo, n'kuluka, n'kubzala bango pomwe lachepa. Maynard adandionapo kangati ndili m'matope mpaka m'chiuno? Ankayesa ndikusaka nkhanu.

Nthawi ikadalipo. Matumba a mchenga makumi anayi, zikhomo mizere iwiri, anthu asanu, masiku anayi, gombe likhoza kupirira chaka chino. Ndikudziwa pokhoma, ndikudziwa kuya kwake.

Asinthe zovala, abwere adzandifunse.

Bipi 150 pa 85. Ndadya zonse.

Lamulungu, 17 Novembala

Amayi a mvano abwera kudzaimba m'wodi. Mmodzi walalikira za kukhululukirana. Ndinatseka maso, aziyesa ndikupemphera. Ndimaona madzi ofiira akunyamula mabenchi oyera limodzilimodzi.

Kumsana kwatuluka chilonda cha bedi, kukula ngati chivindikiro cha botolo. Aida amandipendeketsa pang'ono pakatha maola awiri monga adamuuzira anamwino, n'kupaka mafuta. Ali mkati mopaka wati, "Achimwene, mwana uja ndi wopusa, koma ndi wanu. Malowo mudzasiyira ndani?"

Ndati, "Adatenga kale, Nangozo, wosiyayo akupumabe."

Manja ake ndi ofewa pa chilondacho. Zimenezi ndiye zimandivuta.

Lachinayi, 21 Novembala

Anditengera ku ekisileyi ndi bedi lomwe. A dokotala aonetsa chithunzi pa zenera. Pothyoka paja payamba kuchita ngati kamtambo, akuti ndiye fupa latsopano limenelo. "Madala, mafupa anu ndi a mnyamata. Tikachotsa chitsulo, mankhwala anu ndi kuyenda. Tsiku lililonse, pamalo osalala, amthunzi, oti mukatopa mupeze pokhala. Kwanu alipo malo otero?"

A Obed atsokomola dala.

Ndati, "Adalipo."

Atachoka a dokotala, a Obed akuti, "Madala, ine ndidaona nkhope yanu tsiku la foni lija. Nkhani ndi bango, eti? Ifenso kumtunda timalisiya." Apitiriza, "Mukufuna mtsinje ukumenyereni nkhondo. Koma madzi adzadziwa bwanji kuti ichi n'cha Maynard, ichi n'cha a Ngozo?"

Ndati, "Mtsinje umenewo ndakhala nawo zaka makumi asanu. Ndimadziwa pomwe umalekeza."

Akuti, "Nanenso njinga ija ndinkaidziwa."

Mkuyu sindikuudera nkhawa. Mizu yake idapita pansi kuposa madzi, udapirira zigumula zonse za zaka zimenezi. Chopita ndi simenti.

Lamulungu, 24 Novembala

Magetsi athima kuyambira m'mawa, muno mukutentha ngati uvuni wa njerwa. Chilonda cha kumsana chayamba kuuma. Masana a Obed akuti, "Madala, tatiyendetsani m'njira yanuyo, miyendo yachita dzanzi."

Ndiye ndawayendetsa ndi pakamwa. Ukatsika pa mlatho umayamba ndi mango, mapazi makumi anayi, nthawi ino umachita kuponda ogwa okha. Kenako nsungwi zimakumana pamwamba, mumachita mdima wozizira, mphepo ikawomba zimalira ngati chitseko chakale. Ukatuluka mmenemo madzi amaonekera, osaya, akakowa ataima pa mchenga. Pali mwala womwe ng'azi imaotherapo dzuwa, siithawa ukamayenda mwaulemu. Kenako mbawa zisanu ndi ziwiri, benchi pansi pa yachinayi. Kenako pokhota, mpheta zitapachika zisa pa bango, phokoso ngati msika wa pa Nsipe.

Pamenepo ndinaima. Ndinakumbuka kuti bango kulibe. Mpheta zija zidapita kuti?

Ena m'wodi anali atatseka maso. Wa pa bedi nambala 2 akuti, "Pitirizanitu agogo, tifike ku mathithi." Ndati mwendo wayamba kuwawa.

Lachitatu, 27 Novembala

Kuno kumwamba kuli mbee. Koma akazi a Obed afika nsapato zili matope okhaokha. Akuti ku Tsangano yayamba dzulo madzulo, sinakate, minibasi zikutitimira.

Ndafunsa, "Yamkuntho yongodutsa, kapena yokhazikika?"

"Yokhazikika, bambo. Mizere yadzaza madzi."

Ndawerenga ndi zala. Nthaka ya kumapiri imamwa masiku awiri, lachitatu imalavula. Madzi afika kwathu Lachisanu madzulo kapena Loweruka, dzuwa likuwala, anthu osayembekezera.

Loweruka ndiye pa 30.

Lachinayi, 28 Novembala

Ndadzuka ndi mkwatibwi m'mutu. Sindimudziwa, sadandilakwire. Ali ndi mayi ake. Pamakhalanso tiana toperekeza tija tovala zoyera.

Ndati, "Nangozo, muimbireni mwana wanu. Mumuuze kuti mawa ndi mkuja munthu asaponde pokhota, ngakhale mlonda. Kumtunda kwagwa mvula."

Waimba ndili pomwepo. Ndamumva akuseka mufoni. "Amalume ayamba kulosera ali pa bedi? Kuno kulibe ndi kamtambo komwe." Aida wasintha mawu, watenga mawu aja ankatikalipira nawo mayi athu. "Maynard, ukaimika mwana wa munthu pamenepo, usadzanditchulenso mayi." Maynard wavomera monyinyirika kuti zithunzi akajambulira kumtunda pa kapinga.

Atatseka foni Aida wandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, tsiku lija mudati pakongola."

"Pakongoladi."

Watenga beseni, watuluka.

Anthu ndawachotsa. Zotsalazo udziwa ndi mtsinje.

Loweruka, 30 Novembala

Mtsinje wafika! Dzulo cha m'ma 3 koloko, dzuwa likuwala. Mlonda uja ndi amene waimbira Aida. Akuti adamva ngati malole akubwera mumtsinje, kenako madzi ofiira, zitsa, nthochi zathunthu. Pokhota gombe lidangokhala pansi, phwa! Timiyala ta simenti, mabenchi oyera, zonse. Kanyumba kaudzu kadayandama kathunthu ngati dengu mpaka kukasweka pa mlatho. Wovulala palibe. A ukwati atembenuza galimoto, akachitira mu holo pa boma. Maynard akuti adakhala pansi m'matope ndi malaya oyera aja.

Ndaseka mpaka thumba la mchenga kugwedera, a Esnath kuthamangira kudzaona chavuta n'chiyani. Ndawafotokozera a Obed kawiri. Ndikadakhala ndi miyendo ndikadavina ngoma pakati pa wodi, chishango chikadakhala thireyi ya mankhwala.

Aida wapita kumudzi kukaona. Wandisiya m'manja mwa akazi a Obed.

Bipi 135 pa 80. A dokotala akuti mankhwala akugwira ntchito.

Lamulungu, 1 Disembala

Aida wabwerako. Wakhala pa simenti, chikwama chili m'manja.

"Mkuyu wapita, achimwene."

Ndati n'zosatheka. Akuti poyala timiyala tija, mizu ya mbali ya kumadzi inkatukula njira, ndiye Maynard adauza aganyu kuti aidule ndi nkhwangwa pasalale. Pa chithunzi sizidaoneke, adali atakwirira ndi simenti. Gombe litachoka mtengo udaima pang'ono, kenako udagonera kumadzi. Uli pa mchenga kumunsi kwa mlatho, mizu m'mwamba.

"Mwala uja ankakhalapo alamu anga nawonso sukuoneka."

Lachiwiri, 3 Disembala

Dzulo sindidadye. Lero phala pang'ono. A Obed sananene kuti ndidakuuzani. Bola akadanena.

Matumba makumi anayi. Masiku anayi.

Lachinayi, 5 Disembala

Maynard wabwera, wopanda sobo. Ndevu zosameta, mabuti a matope. Wagwada pa simenti pambali pa bedi, wodi yonse ikuona.

"Amalume, madzi akudyabe. Tsiku lililonse gombe likugumuka, likulunjika ku mbawa zija. Taponyamo miyala, yapita. Alangizi akuti tifunse amene ankasamalapo kale. Ndiuzeni chochita."

Ndamusiya agwade. Ndawerenga madontho a diripi ya pa bedi nambala 3 mpaka makumi asanu.

Ndati, "Wasintha zovala, ndaona."

Walira. Sizinandikhudze monga amafunira mayi ake.

"Mizu ya mkuyu udadulitsa ndiwe?"

"Ndine, amalume. Sindinkadziwa."

"Ukadafunsa ndani, poti wodziwayo adali kunja kwa geti?"

Kenako ndati, "Pokhoma zikhomo ndikuuza. Koma choyamba ukazule geti. Usalitsegule, ulizule, ndi nsanamira zomwe. Ubwere nalo kuno ndilione ndi maso anga."

"Kuno kuchipatala?"

"Zenera ili likuona pa msewu."

A Obed akuti, "Mukabwera nalo mutidulireko tikiti, bwana, tilione nafe." Wodi yonse kuseka. Maynard watuluka mutu uli pansi.

Ndikudziwa kuti tsiku lochedwali mtsinje udya gombe lina. Ndaganizira zimenezo. Geti liyambe.

Lachisanu, 6 Disembala

Cha m'ma 10 m'mawa pikapu yaima pa msewu kuseri kwa mpanda. A Esnath ndi Aida akankhira bedi langa kufupi ndi zenera, thumba likulendewera. Geti lili chagada kumbuyo kwa galimoto, nsanamira zili ndi zibuma za simenti kumapazi, kachikwangwani ka tikiti kakadali pomwepo. Odwala oyenda adzaza pa mazenera, ena akufunsa ngati ndi la chipatala.

Ndaliyang'ana mpaka kukhuta.

Kenako ndamuitana Maynard, ndang'amba tsamba m'kope muno, ndajambula pokhota. Mizere iwiri ya zikhomo za nsungwi zaziwisi, zotalika ngati munthu, kukhoma theka, mopendekera komwe madzi akupita. Kuluka ndi nthambi. Matumba kumbuyo kwake. Bango akakumbe kumunsi kwa mathithi pamodzi ndi dothi lake, asalidule. Ndamubwerezetsa katatu ngati mwana wa Sande sukulu.

Pomaliza ndati akadule nthambi zitatu za mkuyu uja usanaume, zonenepa ngati mkono, aziike pamthunzi m'dothi lonyowa. Asazibzale. Wobzala ndine.

Lolemba, 9 Disembala

Achotsa chitsulo. Anachipotokola n'kuchisolola, ndinakuwa dzina la mayi anga. Mwendo waonda ngati mpini wa khasu, bondo silikupinda. Amayi ophunzitsa kuyenda andiimiritsa ndi chitsulo chogwirira chamiyendo inayi. Chizungulire. Mapazi asanu ndi limodzi, kuchoka pa bedi 7 kufika pa bedi 9, thukuta ngati ndalima ndime. A Obed amawerenga mokuwa ngati zigoli za mpira. Iwo atsala ndi sabata ina.

Lachinayi, 12 Disembala

Mawa anditulutsa. Lero mapazi makumi atatu, mpaka pa khomo la wodi. Panado ndikamva kuwawa, ka bipi tsiku lililonse, kubweranso pakatha mwezi. Aida akuti mzere woyamba wa zikhomo wagwira, mbawa zapulumuka kupatula imodzi. Dzulo ana a sukulu adutsamo, akuti amangocheukacheuka kufuna wowathamangitsa.

Kopeli ndidaliyamba kuti tsiku lizitha. Tsopano ndaganiza kulipereka kwa a basi ya ku Joni, likupeze iwe Christobel mwana wanga.

Wawerenga wekha, sindidabise kanthu. Mtengo wa amayi ako adadula mizu ndi Maynard, koma adaugwetsa ndine, ndi liwu limodzi lija. Ndidali ndi masiku khumi ndi asanu n'awiri oti ndilankhule. Zimenezi ndidzafa nazo. Koma usayese kuti ndalapa zonse. Ndikakumbukira kanyumba kaja kakuyandama ndimasekabe, ndipo Maynard sindidamukhululukire. Azinyamula kaye matumba mpaka mvula ithe, ine nditakhala pa benchi ndi nkhwayira zanga zomwe zija.

Chatsala n'chimodzi. Masabata asanu ndi awiri ndagona muno, foni ya Aida yalira kambirimbiri. Udafunsa za mwendo, udatumiza bulangeti, zikomo. Za geti sudatchulepo. Zithunzi za paki zidachokera kwa iwe. Ndiye ndiuze, geti lija lidachokeranso kwa iwe? Udadziwa kuti bambo ako akufunsidwa tikiti?

Usaimbe foni, pafoni mawu amaterera. Ulembe ndi dzanja lako, zilembo zikuluzikulu, maso anga atha. Nthambi za mkuyu zilipo zitatu. Ziwiri ndibzala sabata ya mawa, yanga ndi ya amayi ako. Yachitatu ikhala m'dothi lonyowa pamthunzi, kudikira kalata yako. Sikhala yaiwisi mpaka kalekale.

Ndine bambo ako,
Fanizo Ngozo